Njinga ziwiri padenga la Vitz, ulendo wa ku Golomoti

Ndiloleni ndifotokozeko za ulendo womwe ndidayenda mwezi wa Okutobala kuchoka ku Lilongwe kupita kwa alamu anga kuseri kwa Golomoti, m'boma la Dedza, nditasenzetsa kagalimoto kanga njinga ziwiri zakapalasa. Mtunda wake si wautali ayi, ukanyamuka m'mawa nsima ya masana umakadyera komweko. Koma kukonzekera kwake kudanditengera masabata atatu, ndipo masiku onsewo ndinkalimbana ndi funso limodzi: njingazi ndizinyamulire pati?

Achimwene anga adatisiya zaka zinayi zapitazo. Mwana wawo woyamba, amene pachikhalidwe chathu ndi mwana wanga ndithu, adasankhidwa kukayamba Fomu 1 pasukulu ya sekondale yoyendera. Tidasangalala tonse, koma sukuluyo ili pamtunda wa makilomita 11 kuchokera pakhomo. Kuti akapezeke pa asembule ankadzuka tambala woyamba, kuyenda mumdima, n'kudzabwerako dzuwa litapendeka, m'mimba muli pululu. Sabata yachiwiri alamu adandiimbira foni. "Alamu, mwanayu sakwanitsa. Anzake akuchita lendi kanyumba pafupi ndi sukulu, nayenso akuti timulole." Ine ndidakana. Tonse tikudziwa zomwe zimagwera atsikana a zaka 14 akamakhala okha m'tinyumba ta lendi, ndiwo zikatha, sopo akatha, anyamata a njinga zamoto ali pomwepo. Derali ndi lomwe mfumu Theresa Kachindamoto adatchukira dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana ndi kubwezera atsikana kusukulu, ndipo sindidafune kuti mwana wa achimwene adzakhale mmodzi wa ochita kubwezedwawo. Ndidawauza alamu kuti apirire pang'ono, ndibwera ndi njinga.

Mwina mukudabwa kuti wophunzira ndi mmodzi, njinga ziwiri n'zachiyani. Amene adakulira kumudzi sangafunse. Pakhomo pakakhala njinga imodzi, njingayo si ya mwana wasukulu. Lolemba ipita kuchigayo, Lachiwiri inyamula wodwala, Lachitatu aibwereka okalengeza maliro, basi mwana wabwereranso pa wapansi. Choncho ndidakongola kubanki m'khonde ya akazi anga n'kugula ziwiri. Ya mwanayo ndi yachizimayi ya pakaunjika yochokera ku Japan, zija zokhala ndi kadengu kutsogolo, zopanda chitsulo chopingasa pakati. Ya alamu ndi Buffalo yakuda, yomwe kaliyala wake opanga amati amasenza makilogalamu 100, yoti azinyamulira tomato kupita kumsika, anthu obwereka azibwereka imeneyo.

Njira yachidule ikadakhala kuzikweza pa lole. Ndidayeserapo kale zimenezo. Njinga yomwe ndidatumizira malume zaka zapitazo idakafika gudumu lakutsogolo litapindika ngati nambala 8 atasanjikizapo matumba a feteleza, ndipo palibe adavomera kuti ndiye adalakwa. Ulendo uno ndidati ndikazitula ndekha.

Galimoto yanga ndi Toyota Vitz ya injini ya 1000cc, imodzi mwa zija zimachokera ku Japan kudzera padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Anzanga kuntchito amati ndi bokosi la machesi, ine ndimangoti mako ndi mako. Ndidayesa kugwetsa mipando yakumbuyo n'kulowetsa njinga m'kati. Imodzi yokha, gudumu litachotsedwa, idalowa mokakamiza, handulo itakanda nsalu ya kudenga. Nanga akazi anga ndi ana awiri akhala pati? Neba wanga ataona ndikutuluka thukuta adati, "Achimwene, mukuvutikiranji? Tsegulani buti, ponyanimo, mangani ndi malegeni, muone msewu." Ndi mmene ma Sienta ambiri amayendera, buti ili yasa, katundu akulendewera. Koma buti ikakhala yotsegula, fumbi ndi utsi wa ku ekizozi zimabwerera m'galimoto, ndipo okhala kumbuyoko ndi ana anga.

Mnzanga wina wakuntchito, amene amapalasa njinga Loweruka lililonse atavala kachipewa ndi kabudula wothina, adandibwereka chonyamulira chake chomwe adagula ku Joni. Ndi chija chimakoloweka kuchitseko cha buti. Chili ndi mikono iwiri yotulukira kumbuyo yopachikapo njinga, mapazi a mphira otsamira pagalasi ndi pabampala, komanso malamba okhala ndi ngowe zokola m'mphepete mwa chitseko. Ubwino wake ndi woonekeratu: sichifuna kuboola galimoto, chimamangika mphindi khumi zokha, ndipo njinga suyinyamula kupitirira pachifuwa. Ndidafika nacho kunyumba ndikuimba mluzu, poganiza kuti nkhani yatha.

Loweruka m'mawa tidachiyesa. Njinga ya mwanayo idayamba ndiyo kuvuta. Pajatu mikono ija imagwira chitsulo chopingasa chapakati, chomwe njinga yachizimayi ilibe. Idalendewera chopendekeka, gudumu limodzi kuloza kumwamba, linalo kutsala pang'ono kukhudza pansi, ndipo tayala lidayandikana ndi paipi ya ekizozi moti likadapsa tisanafike pa Nanjiri. Titapachika Buffalo, malamba apamwamba adakungika ngati nsambo za gitala, ndipo kapulasitiki kokongoletsa ka pamwamba pagalasi kadayamba kulira. Ndidaima kumbuyo kuti ndione mmene woyendetsa mnzanga angandionere. Nambala ya galimoto siinkaoneka, magetsi a mabuleki ankangosuzumira m'masipoko ndi m'madigadi. Choopsa kwambiri chidali m'mbali. Vitz m'lifupi mwake ndi pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 70, pamene njinga ya munthu wamkulu imaposa pamenepo m'litali, choncho magudumu adatulukira kunja. Inu mumaudziwa msewu wa M1, mmene akabaza, ana asukulu ndi azimayi osenza nkhuni amayendera m'mphepete mwenimweni mwa tala. Gudumu lotulukira kumanzere pamsewu wotere ndi ngowe yokolera munthu.

Pomasula m'pamene ndidaona kapepala komata pamkono wina: makilogalamu 15 pa njinga iliyonse. Ndidazindikira kuti ndakhala ndikusankha chonyamulira ndisakudziwa kulemera kwa katundu wanga. Ndidakankha njinga zonse ziwiri mpaka kumsika, kwa mnyamata wina wogula soya ndi chimanga amene ali ndi sikelo yopachika pamtengo. Adaseka mpaka misozi. "Bwana, njinga sitigula pa kilo kuno!" Komabe adakoloweka. Ya mwanayo idalemera makilogalamu 17, Buffalo 23. Zonse pamodzi 40, ndipo palibe ngakhale imodzi yomwe idali m'malire a kapepala kaja.

Chonyamulira cha mnzangayo sichidalakwe chilichonse. Adachipangira njinga zonga yake, ya masewera, yomwe amainyamula ndi dzanja limodzi akulankhula pafoni. Zathu kuno ndi njinga zantchito, zachitsulo chokhuthala, zokhala ndi kaliyala, madigadi, sitandi ndi loko. Ndiponso makilogalamu 40 ali phee pabwalo ndi ena, makilogalamu 40 akudumpha pahampu kapena kugwa m'dzenje ndi enanso. Mphamvu yonseyo imathera pamahinjesi awiri aang'ono a chitseko cha buti ndi pagalasi. Ndidachibweza Lolemba ndi zikomo wambiri.

Pali mtundu wina womwe ndidausirira kwambiri, uja timaona kumbuyo kwa magalimoto akuluakulu a alendo opita kunyanja. Ndi kathandala kachitsulo komwe njinga zimaimapo ndi magudumu ake, ndiye kalibe nazo kanthu kuti njinga ndi yachimuna kapena yachizimayi, ndipo kena kamakhala ndi magetsi ndi malo a nambala akeake. Koma kamakhazikika pa chitsulo chokokera ngolo, chomwe Vitz yanga ilibe. Makaniko wanga atawerengetsa mtengo woika chitsulocho ndi kugula thandalalo, ndalama yake idaposa ya njinga ziwiri zija. Adandikumbutsanso kuti pa magalimoto aang'ono ambiri chitsulo chimenechi chimaloledwa kusenza makilogalamu 50 basi, pamene thandala lokhalo limalemera oposa 10. Tikaonjeza 40 anga aja, tadutsa kale. Ndidakumbukiranso kakhwawa komwe timawoloka tikatsala pang'ono kufika kwa alamu, pomwe ngakhale popanda katundu bampala imapsopsona pansi. Ndidangoti zimenezi n'za eni ake a Prado.

Kudatsala denga. Ndidapita kwa owotcherera ku Mchesi, ndipo bambo wina wachikulire adandionetsa kaliyala yemwe adapangira munthu wa minibasi, wa zitsulo zangodya, wopentedwa bwino. "Akulu, uyu mudzamusiyira adzukulu," adatero akumumenya ndi hamala. Sindikukayika, pa minibasi kapena pa pikiapu kaliyala ameneyu ndi mfumu. Koma poti tsopano ndidali munthu wa sikelo, ndidapempha kuti timuyeze. Adalemera makilogalamu 21. Magalimoto aang'ono ambiri opanga ake amalola makilogalamu 50 mpaka 75 padenga, ndipo chiwerengero chimenechi chimaphatikiza kaliyala yemweyo. Ine ndidasankha kutsatira chochepacho, poti galimoto yanga ndi yaing'ono mwa zazing'ono. Ndiye 21 kuonjeza 40, taonani nokha. Vuto lina lidali pomugwiritsa. Magalimoto akale adali ndi kangalande ka mvula m'mbali mwa denga pomwe miyendo ya kaliyala inkaluma. Vitz ilibe kangalandeko. Bamboyo adati palibe vuto, tiboola mabowo anayi n'kumanga mabawuti. Ndidayang'ana denga langa, lomwe ukalidina ndi chala limabonyoka ngati chitini, ndidaganizira mvula ya Januwale ikudonthera pamutu pa akazi anga, n'kutsanzika mwaulemu.

Chomwe ndinkafuna ndidachipeza kwa munthu wogulitsa zipangizo zakale za magalimoto. Magalimoto ena ochokera ku Japan amabwera ndi mipiringidzo iwiri padenga, eni ake atsopano n'kuichotsa poti akuti ikuipitsa galimoto. Mpiringidzo uliwonse uli ndi mapazi awiri a mphira okhala padenga, ndi tizitsulo topindika tomwe timakola m'mphepete mwa khomo, pamwamba pachitseko, n'kumangidwa ndi bawuti. Apa ndi pofunika maso. Tizitsuloti timapangidwa motsatira mapindikidwe a denga la galimoto yakutiyakuti. Awiri oyamba omwe adandiyesera adachokera pagalimoto ina, ndipo ankangogwira ndi kunsonga. "Zigwira bwana, tingopinda pang'ono ndi pulayala," adatero wogulitsayo. Ndidakana. Adafufuza m'mulu wake kwa theka la ola mpaka adapeza ina yomwe tizitsulo take tidalowa n'kukhala thethethe, zitseko n'kumatsekeka bwinobwino. Titamanga, ndidagwira mpiringidzo ndi manja awiri n'kuugwedeza ndi mphamvu zanga zonse. Idagwedezeka ndi galimoto yonse, mpiringidzo osasuntha. Pasikelo yonse iwiri idakwana makilogalamu 5. Pamodzi ndi njinga, 45.

Anthu a masewera amaimika njinga chilili padenga, pa timipanda tapadera. Ine ndidasankha kuzigoneka. Kukweza makilogalamu 23 pamwamba pamutu n'kuwaimika bwino si masewera, ndipo njinga yoima imakola mphepo ngati thanga la bwato, imakolanso nthambi. Madzulo a Lachisanu ndidaitana mnyamata wokonza njinga za kabaza pafupi ndi kwathu. Adachotsa mapedulo onse anayi, adamasula mahandulo n'kuwatembenuza kuti agone motsatira felemu, adachotsanso kadengu. Buffalo idagona pansi, mbali ya tcheni kumwamba, kenako chidutswa cha matiresi akale, kenako ya mwanayo pamwamba, mutu kuloza kwina. Malegeni ndidawakana ngakhale ndi otsika mtengo, chifukwa mphira imatamuka, katundu n'kumavina. Ndidagula malamba ansalu yolimba okhala ndi chokhwimitsira chachitsulo, atatu omangira ndi limodzi lapadera. Tidazengereza felemu kumipiringidzo, osati magudumu, kuopa nambala 8 ija. Mapedulo ndidawaika m'jumbo n'kupatsa akazi anga kuti asunge m'chikwama chawo, podziwa kuti ine ndikadawaiwala pawindo.

Tidanyamuka 6 koloko m'mawa Loweruka. M'tauni zonse zidali bwino. Titangodutsa mphambano ya ku Bunda, liwiro litafika 60, padenga padayamba kulira ngati mwalowa njuchi. Ndikaonjezera moto, nazonso zinkakweza nyimbo. Ana adaseka, akazi anga adandiyang'ana osanena kanthu, kuyang'ana kuja kotanthauza kuti ngongole ya kubanki m'khonde ili pamwambapo. Pa Nathenje ndidaima. Malamba omwe ndidakhwimitsa usiku adali atalefuka moti zala ziwiri zinkalowa, chifukwa matiresi aja adali ataphwatalala. Ndikukhwimitsanso, dalaivala wina wa thiraki amene ankamwa tiyi pafupi adabwera. "Achimwene, lambalo mukalisiya lathyathyathya liziimba mpaka muzafike. Lipotozeni kamodzi pomwe ladutsa pamphepo." Ndidapotoza. Njuchi zija sizidabwerenso. Safunsa adadya phula, koma uyu sindidamufunse n'komwe.

Kuchoka apo ndidayenda pakati pa 70 ndi 80, osapitirira. Thiraki ikamadutsana nafe ndinkamva galimoto ikukankhidwira kumbali kuposa masiku onse. Lilongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, pamene tauni ya Dedza ili pafupifupi 1,600, choncho makilomita 85 amenewa ndi okwera pang'onopang'ono. Anthu anayi, shuga, sopo, mafuta ophikira ndi njinga ziwiri, kainjini ka 1000cc kadalira ndithu m'zitunda zopita ku Chimbiya, ndipo muvi wa mafuta udatsika msanga kuposa mmene ndidazolowerera pamsewu womwewu. Amene akuganiza zonyamula katundu padenga awerengeretu zimenezo. Pa rodibuloko wapolisi adazungulira galimoto, adakoka lamba limodzi, adayang'ana nambala kutsogolo ndi kumbuyo, n'kuti, "Yendani bwino, bambo." Mumtima ndidathokoza kuti ndidabweza chokoloweka kubuti chija.

Titalipira pageti ya Kalinyeke tidalowa mumphepo ya ku Dedza, yomwe ngakhale mu Okutobala m'mawa imakukumbutsa juzi. Phiri la Dedza lidali kumanzere ndi mitengo yake ya paini, ndipo m'mbali mwa msewu mudali ndowa za mbatata ya kachewere zitaunjikidwa mpaka kusongoka. Akazi anga adati sitingapite kwa alamu kuchigwa osatenga kachewere. Apa ndidaona ubwino wina wa denga womwe sindidauganizire: buti idatseguka popanda kumasula chilichonse.

Kupitirira mphambano ya ku Bembeke, msewu umayenda m'malire enieni, kumanja Mozambique, kumanzere Malawi. Pa Masasa tidakhotera kumanzere kulowa msewu wa ku Golomoti. Poyamba umangodutsa m'minda ndi m'midzi ngati palibe chikubwera. Kenako dziko limangotha mwadzidzidzi kutsogolo kwako, ndipo chigwa chonse chimayalika pansi, chotuwa ndi utsi wa kutentha tchire, chakutali uko kuli nyanja. Apa ndiye pa Khwekhwerere. M'makilomita owerengeka msewu umatsika mamita pafupifupi 1,000, ukupindika uku ndi uku ngati njoka yomenyedwa, phiri mbali ino, phompho mbali inayo.

Ndidaimanso pamwamba n'kuyesa malamba, kenako ndidaika giya yotsika kuti injini izigwira galimoto. Amene amatsika phirili atangoponda buleki amafika pansi mabuleki akununkha, ena safika. Pakhona yoyamba ndidamva kusiyana. Makilogalamu 45 si ambiri ukawaika pampando, koma ali pamwamba pamutu amaikoka galimoto kuti iweramire kunja kwa khona. Ndidachepetsa liwiro mpaka 30, makhona ena 20. M'galimoto mudali zii, ngakhale wamng'ono amene salekeza mafunso adangogwira mpando.

Chapakati pa phiri, potuluka pakhona ina yobisika, tidangoona mbuzi zitatu zili pakati pamsewu, mwana wozikusa akuthamangira kumbuyo kwake. Ndidaponda buleki mwamphamvu. Padenga padamveka kuti gu! Akazi anga adafuula dzina la Yesu. Mbuzi zidadutsa, mwanayo adadutsa, ine ndidayendetsa pang'onopang'ono mpaka pamalo otambalala n'kutsika miyendo ikunjenjemera. Mipiringidzo idali pomwe tidaimanga, siidasunthe ngakhale pang'ono, ndipo ndidakumbukira pulayala ija ndidakana. Koma njinga yapamwamba idali itaseserekera kutsogolo ngati chikhatho chimodzi, sitandi yake itakanda penti. Kulakwa kudali kwanga. Malamba onse atatu ankakanikizira katundu pansi, padalibe ngakhale limodzi lomukokera kumbuyo. Pamsewu wosalala zimenezo sizioneka, zimadzaonekera potsetsereka ukaponda buleki. Ndidatenga lamba lapadera lija, kulizengereza pafelemu ya njinga zonse ziwiri n'kulikokera kumpiringidzo wakumbuyo.

Malo omwe tidaimawo adali pafupi ndi anyamata osema zidole. Amene adadutsapo pamsewuwu akuzidziwa: timagalimoto, timathirakitala, tindege ndi tinjinga tamitengo, tokhala ndi magudumu ozungulira ndi zitseko zotseguka, zitandandalikidwa m'mbali mwa msewu. Awiri adabwera kudzandithandiza kukankhira njinga m'malo mwake osapempha kanthu. Tili pantchitoyo padadutsa bambo wina akukankha njinga yake kukwera phiri, atasenzetsa matumba a makala otalika kuposa iye mwini, thukuta lili chuchuchu. Adaima, adayang'ana galimoto, adayang'ana njinga ziwiri zopanda katundu zitagona pamatiresi ngati odwala, n'kupukusa mutu. "Bwana, zikadakhala zanga bwenzi zitanyamula galimotoyo." Tidaseka tonse, mantha aja n'kutha. Mwana wanga adalirira kanjinga kamtengo, ndipo ndidagula posafuna kuchoka chimanjamanja kwa anthu omwe adandithandiza.

Pansi pa phiri juzi zidavulidwa. Kutentha kwa kuchigwa kumakulandira ngati watsegula uvuni, ndipo malambe amayamba kuoneka, ali mbuu opanda masamba. Golomoti ndi pomwe msewuwu umakumana ndi M5 wochokera ku Salima, pali njanji, pali msika, ndipo chapafupi pali munda wa magalasi a magetsi a dzuwa wa mamegawati 20 womwe udayamba kugwira ntchito mu 2022. Sitidakhalitse. Tidalowa msewu wafumbi, wa mabampu aja amagwedeza mano, ndipo ndidaima kawiri kuyesa mabawuti a mipiringidzo. Kakhwawa kaja tidawoloka chopingasa, bampala idapsopsona pansi monga mwa masiku onse. Polowa m'mudzi njira imadutsa pansi pa mitengo ya mango, ndipo nthambi zidakwaula magudumu pang'ono chabe. Zikadakhala zoimika chilili, zikadatsala pamtengo woyamba.

Alamu adatilandira ndi nthungululu. Mwanayo adagwada kupereka moni, "Mwayenda bwanji, bambo aang'ono?" koma maso adali padenga. Tidatsitsa, ndidawongola mahandulo, ndidabwezera kadengu, akazi anga adatulutsa jumbo ya mapedulo monyadira. Yakumanja idalowa bwinobwino. Yakumanzere idakana. Ndidapotoza, ndidakanikiza, thukuta lidatsika, anthu atazungulira. Ndidayamba kuganiza kuti mnyamata wa kabaza uja adandiwonongera mazinga. Mlongo wake wa mwanayo, wa zaka 12, amene amaswera pansi pa mtengo wa okonza njinga, adayandikira mwamanyazi. "Bambo aang'ono, yakumanzere imamangira chobwerera." Adaitenga, adaipotozera kumanzere ndi zala zokha, n'kulowa ngati batala. Munthu amene ndidayeza njinga pasikelo ndi kuwerengetsa makilogalamu masabata atatu ndidangoti zikomo, achimwene.

Mwanayo adazungulira nyumba kawiri, kachitatu adalunjika njira ya kusukulu mpaka tidasiya kumuona, n'kubwerera akuseka. Ndidamusiyira pampu, zigamba, guluu ndi loko, pajatu kuchigwa kuno minga ndi yambiri. Pamaso pa onse ndidanena kuti njinga yakuda ndi ya pakhomo, wofuna kubwereka apemphe kwa alamu, koma ya kadengu ndi ya sukulu, ngakhale kubwere ndani. Amalume ake ena adaseka chamumtima, ndipo ndidadziwa kuti lamuloli lidzayesedwa. Pomwe ndikulemba pano alamu akuti mwanayo akunyamuka 6 koloko kutayera, ndipo nkhani ya lendi sadaitchulenso. Tayala laphulika kawiri, wamata ndi mlongo wake uja.

Lamulungu masana tikukonzeka kubwerera, ndidatuluka m'nyumba n'kupeza anyamata awiri atakweza kale thumba la mpunga wa ku Bwanje padenga, lodzaza mpaka kukamwa, la makilogalamu 50, akufunafuna chingwe. Pambali padali mtolo wa nzimbe ndi nkhuku yomangidwa miyendo. "Alamu, pamwambapa pangokhala popanda kanthu," adatero alamu akupukuta manja pachitenje. Ndidawerengetsa mumtima: 50 kuonjeza 5 ya mipiringidzo, nzimbe tisanaziike, ndipo kutsogolo kuli Khwekhwerere, ulendo uno chokwera. Koma mphatso ya mayi wamasiye amene walima yekha suyikana ndi masamu. Tidapempha thumba lina n'kuugawa pakati, theka padenga pamodzi ndi nzimbe, theka kumapazi kwa ana. Nkhuku idakwera pamiyendo pa wamng'ono, pambali pa kanjinga kamtengo. Lamba lokokera kumbuyo ndidayamba ndi lomwelo, lina ndidalikokera kutsogolo poti tsopano katundu azifuna kutsalira, ndipo onse ndidawapotoza kamodzi tisananyamuke.